Nkhongo ya Mdala wa Pawindo

Achimwene anga ananyoza bambo athu m'nyuzipepala osadziwa kuti ndi iwo, ndipo amene anatenga mawuwo n'kukawathira m'khutu mwa bambo ndi ine. Ndinawerenga mokweza, ndikuseka.

Achimwenewa amalemba za mafilimu m'nyuzipepala ya Loweruka. Anthu amawatchula Lumo, ndipo dzinali amalikonda kuposa lawo lenileni. Bambo nawo ankalikonda, poti moyo wawo wonse anali ometa anthu, mpaka maso atayamba kuchita nkhungu n'kutseka kashopu kawo. Ankati, "Nanga mwana wa wometa akanatchedwa chiyani?"

Koma kagwiridwe kawo ka ntchito a Lumowa ndimakadziwa ndine. Opanga filimu akawatumizira linki yoti aonere isanatuluke, amatsegula laputopu patebulo, mbale ya chakudya kumanzere, chala chakumanja pa batani lodumphira kutsogolo. Munthu wa mu filimu akayamba kuyenda osafika, adumpha. Akaima kuyang'ana panja, adumpha. Ndinawafunsapo ngati kumeneku si kuba. Anandiyankha kukamwa kuli tho, amvekere, "Filimu yabwino imandigwira chala. Chala chikadumpha, mlandu ndi wa filimu." Mayina amene amayenda kumapeto aja ndiye sanawerengepo chibadwire.

Ine ndimagwira ntchito pa sitolo ya mankhwala. Chimwalirireni amayi, bambo amakhala okha m'nyumba yosanja imene tinakuliramo, kutsidya kwa tauni, kochita kusintha basi. Loweruka masana anthu akachepa pakauntala ndinkawaimbira foni n'kuwawerengera tsamba la achimwene, chifukwa zilembo zing'onozing'ono saziona. Ndinkadziyesa mwana wosamala. Chonsecho kuwerenga n'kophweka: sufunsa kanthu, sumvetsera kanthu, ndipo ukamaliza umangoti, "Kwabwera kasitomala, Bambo."

Filimu ya sabata imeneyo inali ya mtsikana wina, yake yoyamba, yojambula ndi kamera yobwereka. Munalibe akatswiri a zisudzo. Anangotenga anthu enieni okhala okha n'kuwajambula m'zipinda zawo: mayi wosita zovala, dalaivala wopuma pantchito amene amatsuka galimoto yosayenda, ndi mdala wina. Olemba anzawo a achimwene anaiyamikira kwambiri. Wina anati inamuliza, wina anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Lumo sakonda kuimba nyimbo ya gulu, ndiye ananola mpeni.

Ndinatsamira kauntala, foni kukhutu, n'kuyamba kuwerenga. "Nkhono itaonera filimuyi ingapemphe kuti aifulumizitseko. Muli mayi amene amasita malaya amodzi mpaka woonera umayamba kumva fungo la kupserera. Kenako muli mdala wina amene timangomuona nkhongo, ali duu pawindo kudikira foni yosalira. Kaya anamutola kuti, koma kusewera sadziwa. Mpando umene wakhalira ukumuposa. Ndipo tinene chilungamo, munthu wotopetsa chonchi ngakhale ine sindikanamuimbira."

Ndinaseka chikhakhali mpaka mnzanga wa kumashelufu anasuzumira. Kumbali ya bambo kunali zii.

"Bambo, mulipo?"

"Ndilipo. Tabwereza pomalizapo."

Ndinabwereza, mochita kukometsa mawu.

"Amalemba bwino mnyamatayu," anatero bambo. Anakhosomola pang'ono. "Loweruka likubwerali akuionetsa masana ku holo ya pafupi ndi laibulale. Ndamva kuti mchimwene wako amuitana kuti akalankhule. Iwenso ubwere."

Ndinadabwa kuti nkhani za mafilimu azidziwa liti, koma pakhomo panalowa munthu ndi chikalata cha dokotala, ndipo ndinanena mawu anga aja a masiku onse.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina womata mapepala, n'kupempha kuti amate chithunzi chotsatsa filimu pachitseko chathu chagalasi. Ndinamuthandiza kugwira ngodya. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione ngati chaongoka. Pachithunzipo panali nkhongo ya mdala, yokhala ndi mizere iwiri yopingasa, ndi kachipsera kumunsi kwa khutu lakumanja pamene shelufu ya m'shopu inawagwera bambo ndili kamtsikana. Katani ya maluwa achikasu ndinagula ndine titangoika amayi. Foni inali patebulo, pa thaulo lopinda bwinobwino, mmene bambo ankaikira malumo awo.

Sindikukumbuka zimene ndinauza abwana anga. Ndinamatula chithunzicho n'kukwera basi ya ku ofesi ya nyuzipepala.

Achimwene ndinawapeza miyendo ili patebulo, akuwerenga mauthenga owayamikira. Mawu awo aja anali atafala. Anthu ankatumizirana pafoni, ena mpaka kumaseka nawo amalume awo otopetsa.

"Chemwali, wadzaona munthu wotchuka?"

Ndinayala chithunzicho pa laputopu yawo. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kuchiyang'ananso. Miyendo inatsika yokha.

"Nkhongo zimafanana," anatero.

"Makatani nawonso amafanana? Thaulo?"

Anatsegula laputopu n'kufufuza linki ija. Inali itatha mphamvu, poti amazipanga kuti zizifa pakapita masiku ochepa. Anaidina, kuidinanso, ngati kuti akailimbikira idzuka. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo ankafuna kubwerera m'mbuyo, ndipo batani lake panalibe.

"Awerenga?"

"Ndinawawerengera. Kawiri."

Anagwira kumutu. "Nanga bwanji sanatiuze kuti ali mu filimu?"

Apa ndi pamene ndinakumbukira. Miyezi ingapo m'mbuyomo bambo anayambapo kunena kuti m'nyumba ya pansi pawo mwalowa mtsikana wa kamera, waulemu wake, ndipo wawapempha kanthu kena. Sindinamve kuti kanthu kanji. Kunabwera kasitomala. Nditawauza achimwene, anayang'ana pansi n'kunena kuti iwonso anamvako chiyambi cha nkhaniyo, ali m'chikepe chokwerera ku ofesi yawo, n'kuwauza bambo kuti awaimbiranso.

Sabata imeneyo inali yaitali. Palibe mwa ife amene anawaimbira foni bambo. Ndinkaitenga, kupeza dzina la bambo, n'kuibwezera m'thumba. Ndikanayamba ndi mawu ati? Kuti sindinadziwe? Kusadziwako ndiye kunali mlandu weniweniwo. Manyazi anandigwira mpaka ndinkalephera kuyang'ana m'maso azibambo okalamba obwera kudzagula mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Aliyense ndinkangomuganizira foni pa thaulo.

Achimwene anayesa kuthawa. Anauza mkonzi wawo kuti akumva malungo, mkonzi n'kuwauza kuti amwe mankhwala apite, chifukwa holo idzaza ndi anthu ofuna kumva Lumo akulimbana ndi mtsikanayo. Anandiimbira Lachinayi.

"Ndikanena pagulu paja kuti ndi bambo anga."

"Ndiye akakufunsani kuti munalephera bwanji kuwazindikira."

"Ndikanena kuti ndinkadumpha."

"Ntchito ikathera pomwepo."

"Ndikudziwa, iwe. Koma ndikapanda kunena, ndikawayang'ana bwanji?"

Sindinawathandize. Mantha anga anali amodzi: kuti bambo akatiyang'ana tsiku limenelo, akationa ngati ana awo kapena ngati anthu amene anawaseka.

Loweruka tinakumana pakhomo la holo ngati anthu obwera kumaliro. Tinagwirizana zokhala kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi chitseko. Koma titangolowa, chinthu choyamba kuona chinali nkhongo yomweyo, kumzere wachitatu, pamwamba pa kolala ya jekete imene anavala pa ukwati wanga. Mpando wa kumanzere kwawo anaikapo chipewa, wa kumanja anaikapo ndodo. Anali atatisungira malo.

"Mwafika," anatero, akuchotsa chipewa ndi ndodo. "Khalani, ikuyamba."

Magetsi anazima. Mayi wosita uja anayala malaya achimuna pa bolodi. Anasita kolala, anasita mikono, anawatembenuza. Ndinamva kachiphokoso kumanja kwa bambo: chala cha achimwene chikugogoda thabwa la mpando, chikufuna batani. Bambo anatambasula dzanja osatembenuka n'kuchiphimba ndi chikhatho. Sanachichotsenso.

Mayiyo atamaliza anapachika malayawo m'kabati yodzaza malaya ena ositasita, n'kutulutsa ena. M'nyumbamo munalibe mwamuna. Mayi wina kumbuyo kwanga anafwenthera.

Kenako panaoneka chipinda chathu chochezera. Ndinkadziwa chilichonse: mng'alu wa pamwamba pa chitseko, mpando wometera umene anabwera nawo kuchokera kushopu, chithunzi cha amayi chimene kamera inangochigwira theka. Mdala wa mu filimu anapukuta mashini ake ometera ndi kaburashi, kuwadonthezera mafuta, kuwayatsa kuti amve kulira kwake, kuwazimitsa. Anapinda thaulo, kuikapo foni, n'kukhala moyang'ana pawindo. Dzuwa linayenda pa katani. Panja panadutsa basi. Anatenga foni, kuiyandikitsa kumaso kuti aone ngati ili ndi moto, n'kuibwezera. Palibe chinachitika, ndipo ine ndinkalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Bambo enieniwo, phewa lawo likukhudza langa, ankaonera ali phee ngati akuonera munthu wina.

Mwadzidzidzi foni ya mu filimu inalira. Holo yonse inadzidzimuka. Mdala anaimirira, n'kukonza kolala ya malaya kaye asanayankhe, ngati woimbayo amuona.

"Halo, mwanawe... Eya, ndadzuka bwino... Ayi, palibe chosowa... Ndimafuna ndikuuze, kuno kwabwera... Oho. Chabwino, chabwino. Gwira ntchito."

Anaiyang'ana foniyo kanthawi, kuiika pa thaulo, n'kukhalanso pansi. Kamera inatsalira pa nkhongo.

Achimwene anawerama kumbuyo kwa mpando wa bambo n'kunong'ona, "Ndinali ine."

"Ayi," ndinanong'ona, "ndinali ine."

Palibe akanatsutsa mnzake. Mafoni athu ankatha chimodzimodzi.

Magetsi atayaka anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Kutsogolo anaika mipando, n'kuitana mtsikana wopanga filimu, wolemba wina amene anaiyamikira, ndi achimwene. Mtsikanayo anali wamng'ono thupi, wovala nsapato zothamangira, ndipo sanawayang'ane achimwene ngakhale kamodzi. Woyendetsa mwambo anali ndi njala ya ndewu. Anawerenga mawu aja onse, mpaka pa "ngakhale ine sindikanamuimbira." Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kowonda, poti onse anali atangoiona foni ija.

"A Lumo, mawu amenewa mukuimabe nawo?"

Achimwene analandira maikolofoni. Thukuta linali waliwali pamphumi. "Ndili ndi chinthu choti ndinene," anayamba. "Mdala amene ali mu filimuyi..."

"Pepani kutsogoloko!"

Anali bambo, ataimirira pambali panga, ndodo m'mwamba. Anthu atatembenuka n'kuwazindikira anayamba kuomba m'manja, ndipo wina anathamanga kudzawapatsa maikolofoni.

"Mdala wa pawindo uja ndine," anatero. "Bambo olembawo ine sindikuwadziwa. Koma musawavutitse, anena zoona. Kusewera sindinaphunzire, ndine wometa. Mtsikanayu anati ndizingokhala mmene ndimakhalira, ndiye ndinakhala. Ngati zinawatopetsa, sanalakwe. Inenso zimanditopetsa."

Holo inafa ndi kuseka, n'kuombanso m'manja. Bambo anakhala pansi. Ndinayang'ana achimwene. Kukamwa kunali kotsegukabe, mawu awo ali pamlomo. Akanatha kuwamaliza. Ndinawaona akuyang'ana bambo, akuyang'ana gulu, kenako maikolofoni inatsika pang'onopang'ono mpaka pabondo. Woyendetsa mwambo anafunsa wina funso lina.

Inenso sindinaimirire. Ndinakhala pambali pa munthu amene wangonena pagulu kuti mwana wake sakumudziwa, osadziwa ngati watiphimba kapena watitaya.

Panja anthu anawazungulira bambo kujambulitsa nawo. Mtsikana wa kamera anandipeza pakhonde.

"Ndinu mwana wawo wamkazi? Ndakuzindikirani pa chithunzi cha pakhoma." Analankhula mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndiye zinandiwawa kwambiri. "Nyuzipepala itatuluka bambo anu anatsika kwanga madzulo omwewo. Ndinkaganiza kuti abwera kudzadandaula. Anandipempha kuti ndisauze munthu aliyense kuti wolembayo ndi mwana wawo."

Ndinamuthokoza chifukwa cha filimu.

Gulu litabalalika, bambo anayenda kupita pamene achimwene anaima okha pafupi ndi mpanda. Anawazungulira n'kuwayang'ana kumbuyo kwa mutu, moyandikira kwambiri chifukwa cha maso aja.

"Akumeta ndani masiku ano? Wakudula ngati akudula udzu. Mawa m'mawa ubwere."

Tinapita tonse. Makwerero ankanunkha sopo yemwe uja. Bambo anali atakokera kale mpando wometera pakati pa chipinda, pamene pamagwa kuwala. Achimwene anakhala, bambo n'kuwamanga nsalu m'khosi, ndipo a Lumo oopedwa aja anasanduka kamnyamata kamene kankalira Lamlungu lililonse pampando womwewo. Ine ndinakhala pa mpando wa pawindo. Ndinaona kuti pamenepo pamaoneka malo otsikira basi.

Bambo amameta ndi zala masiku ano. Amapapasa kaye, kenako mashini, n'kupapasanso. Zimatenga nthawi. Foni ya achimwene inanjenjemera m'thumba, koma sanaigwire.

"Bambo," anatero mutu uli wowerama, "bwanji munati simukundidziwa?"

"Ukanati ndine bambo ako, Loweruka ukanalemba chiyani? Wometa akangocheka munthu khutu pagulu, mpando wake umakhala wopanda anthu. Ndakulera kuti uzidya."

"Filimu ija sindinaionere yonse. Ndinkadumpha."

"Ndinadziwa. Ukanaonera ukanandiona."

"Pepani, Bambo."

"Usagwedezeke."

Mashini analira kanthawi. Tsitsi linagwera pansalu, lina lili ndi imvi kale. Bambo anazimitsa, kutenga galasi lam'manja, n'kuliika kumbuyo kwa mutu wa achimwene moyang'anizana ndi la pakhoma.

"Taona. Mizere iwiri, ngati yanga. Nkhongo iyi ndingaizindikire pakati pa msika, ndi maso omwewa."

Achimwene anayang'ana, misozi ikutsikira pansalu, manja ali mkati osatha kuipukuta. Bambo anatenga burashi n'kuwasasa m'khosi.

Ine chinthu chimodzi chinali chitandikhala pakhosi kuyambira dzulo lake, ndipo ndinaganiza kuti bola ndichimve ndithane nacho.

"Bambo, foni ija ya mu filimu. Anaimba ndani, ine kapena achimwene?"

Anaseka pang'ono, akusankha chipeso.

"Mtsikana uja ankafuna foni ilire yokha, akuti zikhale zenizeni. Ankabwera m'mawa uliwonse, kutchera kamera, n'kukhala pansi apo. Sabata inatha, Loweruka lomwe. Inayamba ina. Mwini kamera anayamba kuifuna. Ndiye tsiku lomaliza anatuluka pakhonde n'kuimba yekha. Sanalankhule kanthu, anangokhala chete. Ine ndinangoyankha mmene ndimakuyankhirani."

Ndinakumbukira mwezi umene tinkasamutsa mashelufu kusitolo, pamene ndinadziuza kuti Loweruka limodzi silipha munthu. Pansi panaima basi, anthu n'kutsika, n'kumwazikana.

"Nonse awiri munakhulupirira," anatero bambo. Anagwira mutu wa achimwene ndi zala ziwiri n'kuukankhira kutsogolo. "Ndiye usamalembe kuti sindidziwa kusewera. Werama, kumunsiku sindinamalize."